Mtondo wa aNankhoma ndi nkhokwe yopendama

Manachesi apsanso kuno ku Nsambe, ndiye kuti chakwana chaka chimwalirire amayi aakulu, aNankhoma, mkulu wawo wa amayi anga ondibala. Anapita monga ankachitira zinthu zawo zonse, osayamba afunsa munthu. Lolemba anakonola chimanga, Lachiwiri anati mutu ukuwawa ndipo anatikalipira tonse titanena zowanyamulira kuchipatala, Lachinayi tinali kumanda. Pa maliro awo ndinaona zomwe sindinazionepo kwina. Anthu ankalira, kenaka wina n'kukumbutsa mnzake zomwe malemu anamunena tsiku lina, onse n'kuphulika kuseka, n'kuyambanso kulira. Atsibweni athu aWilisoni, mlongo wawo wamng'ono wa malemuwo, amenenso ndi mkulu wa mpingo, anayesa kukhazika anthu bata kawiri konse. Kachitatu anangoweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka, ndipo palibe amene anawafunsa ngati akulira kapena akuseka.

Amene analira koposa tonse ndi mng'ono wanga Esinati. Alendo ochokera kutali ankafunsana ngati ndiye mwana wa malemu. Amayi aakulu analibe mwana wobala okha, koma Esinati analira ndi chifukwa. Pakanapanda iwo, bwenzi lole itamutenga kalekale kupita naye kuchipatala cha odwala misala, mwana wake ali wakhanda. Nkhani imeneyo ndiifika, koma ndiyambe ndanena za mwini wake.

Anali munthu wamfupi, wa mikono yonga ya mwamuna wosula makasu. Za mawu awo ndisaname pakuti anamwalira: anali oipa. Akayambitsa nyimbo, agalu ankadzuka n'kukagona kwina. Iwo eni ake ankadziwa, ndipo sizinkawakhudza mpang'ono pomwe. Ankati Mulungu anawapatsa mawu otere dala, kuti pasapezeke munthu wochita manyazi kuimba pafupi ndi iwo. Ndipo zinalidi choncho. Ngakhale ine, amene kutchalitchi ndimangogwedeza milomo, pamtondo pawo ndinkakuwa mpaka kukhosi kuuma.

Masiku amenewo chigayo tinali tisanachimve n'komwe. Ufa wonse unkachokera mumtondo, ndipo poti nyumba zathu zinamwazikana m'mapirimu, musi ukamalira tsidya ilo umamveka tsidya lino. Amayi aakulu ankadzuka, kufwenkha fodya wawo, kukhala pakhonde n'kutchera khutu. Ankadziwa musi wa mkazi aliyense m'mudzi muno. Ankati wokwiya amasinja mothamanga, chimanga chikutayikira pansi, ndipo ameneyo musamudandaule, pofika masana mkwiyo wonse wathera mumtondo. Wokondwa amaponya musi m'mwamba n'kuomba m'manja asanauwakhe. Amene ankawadetsa nkhawa ndi nyumba yoti mtondo wake wangoti zii masiku atatu, popanda maliro, popanda matenda odziwika. Akamva zimenezo ankamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kugubuduza mtondo wawo kulowera kumeneko.

Inde, kugubuduza. Mtondowo unali waukulu, woti akazi atatu n'kusinjiramo nthawi imodzi, ndipo panalibe mutu woti n'kuusenza. Wa eni nyumba ankaukana, ati mtondo wa munthu wodwala mtima nawo umakhala wodwala. Tsiku lina, akutsika nawo kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi, unawapulumuka. Unathamanga wokha, kudumpha mizere ya mbatata, n'kukagunda mtengo wa khola la nkhunda la atsibweni. Khola pansi, nkhunda m'mwamba. Atsibweni anatuluka Baibulo lili m'manja, ndipo amayi aakulu atafika wefuwefu sanapepese. Anayamba ayang'ana ngati mtondo wawo sunang'aluke, kenaka anauza mlongo wawoyo kuti nkhundazo zinali kale ndi maganizo osamuka, iwo angozithandiza.

Awiriwa anakangana moyo wawo wonse, ndipo mkangano wake unali umodzi: nyimbo. Atsibweni ankati nyimbo zapamtondo n'zachikunja, zodzaza miseche, zosayenera mayi wobatizidwa. Amayi aakulu ankati nyimbo za m'buku n'zabwino Lamulungu, koma sizikonola chimanga, zimachedwa kwambiri, musi umatsika nyimbo isanafike. Amayi aakuluwo anakhazikidwa kumbuyo kwa mpingo kangapo, pena chifukwa cha fodya, pena chifukwa cha nyimbo yomwe anapeka yonena za ndevu za mlaliki wina. Iwo ankati kumbuyoko n'kwabwino, kumapita kamphepo. Chilango chikatha ankabwerera kutsogolo, n'kuimba mokweza kuposa onse, mpaka woimbitsa kwaya kuyamba kulakalaka atalakwanso.

Amuna awo, aJelemiya, anali munthu wofatsa, woluka malichero. Sindinamvepo awiriwa akukangana m'nyumba, chifukwa milandu yonse inkaweruzidwa pamtondo. AJelemiya akaiwala kutsekera mbuzi, m'mawa mwake mudzi wonse unkamva m'nyimbo, akazi anzawo akuvomera. Iwo ankangopitiriza kuluka, akumwetulira, n'kumauza odutsa kuti akumvera nkhani za kunyumba kwawo.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali ija ya nyumba zachete. Akafika ndi mtondo sankalowa m'nyumba, sankafunsa kuti mwatani, sankalangiza. Ankati munthu amene mtima wamulemera wafunsidwa kale ndi mudzi wonse, ndipo funso lililonse ndi katundu wina womusenzetsa. Ankaimika mtondo pafupi ndi khomo, kuthiramo chimanga cha eni nyumba, n'kuitana mkazi mmodzi yekha wowathandiza. Misi ankabweretsa itatu. Wachitatuwo ankautsamiritsa pakhoma, pomwe wodwala angauone.

Tsono chinsinsi chinali pakasinjidwe. Akazi atatu akamasinja mumtondo umodzi, misi imatsika motsatizana, uyu, uyu, uyu, osagundana. Amayi aakulu ankasinja ngati alipo atatu, pomwe alipo awiri. Iwo du, mnzawo du, kenaka mpata wa munthu wosowayo, chete. Nyimbonso chimodzimodzi: iwo ankayambitsa, koma mnzawoyo ankamuletseratu kuvomera. Nyimbo inkangolendewera m'malere, ikudikira. Ine ndinasinjapo nawo motero ndipo ndikuuzeni, zimayabwa. Pakamwa pamachita kutseguka pokha. Anthu odutsa panjira ankavomera mosadziwa, amayi aakulu n'kuwathamangitsa ndi lichero, ati malowo ali ndi mwini wake.

Ambiri sankapirira masiku awiri. Ngakhale mwamuna mmodzi anagwidwa nawo msampha umenewu. Anali msilikali wochokera ku nkhondo ya azungu ija, amene bingu likagunda ankalowa pansi pa nkhokwe, ndipo anthu anali atayamba kumuseka. Amayi aakulu anakamusinjira pakhomo, akuimba nyimbo yoyenda ngati perete. Tsiku lachitatu munthu uja anatuluka n'kuwauza kuti akusokoneza sitepe, natenga musi kuti awaonetse. Mudzi unagwedezeka, mwamuna kusinja! Atsibweni analalikira za zimenezi Lamulungu lotsatira. Koma msilikaliyo anayamba kugona tulo, ndipo mkazi wake mpaka lero amati sanaonepo mphale yoyera ngati ya chaka chimenecho.

Tsopano za Esinati. Mng'ono wangayu anali mtsikana wa pakamwa, wopeka nyimbo pa chilichonse, ndipo amayi aakulu ankamukonda chifukwa anali yekhayo wowabwezera mawu. Anakwatiwa ndi Lufeyo wa ku Luwani, amene anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno. Mnyamata wabwino, woseka, koma manja ake pa zomangamanga, kaya. Nkhokwe yoyamba yomwe anamangira mkazi wake inatuluka yopendama, yoweramira kumunsi ngati munthu womva msana. Esinati sanachedwe kuipekera nyimbo:

Nkhokwe ya aLufeyo,
yapendama ee, yapendama.
Ikusuzumira ku Luwani,
yapendama ee, yapendama.
Yasowa amake, ikufuna kwawo,
yapendama ee, yapendama.

Lufeyo ankaikonda nyimboyi kuposa tonsefe. Ankavomera nawo ali padenga, ndipo anakana kuiwongola nkhokweyo, ati ikawongoka mkazi wake aziimba chiyani.

Nkhondo itatha, anyamata ambiri a kuno anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ndipo Lufeyo anapita nawo, Esinati ali ndi pakati. Mwana anabadwa, wamkazi, tinamutcha Lute. Lute atayamba kukhala pansi, kunabwera kalata ndi sutikesi. M'kalatamo munali mawu ochepa, oti mgodi unagumuka ndipo anamuika komweko. M'sutikesimo munali bulangete latsopano ndi tizovala ta mwana amene sanamuone.

Esinati sanalire. Tinakhala maliro opanda mtembo, ife tikulira, iye akungotiyang'ana. Anthu atabalalika analowa m'nyumba, kukhala pamphasa moyang'ana khoma, basi. Ukamupatsa phala ankamwa pang'ono, ukamuika mwana pamiyendo ankayamwitsa, ukamuchotsa sankatembenuka. Mawu ayi ndithu, mwezi wathunthu ndi theka. Akumpingo anabwera kudzapemphera, iye osaphethira. Atsibweni, pomumvera chisoni, analamula kuti dzina la Lufeyo lisatchulidwe pafupi naye, ndipo sutikesi ija tinakaibisa kwathu. Tonse tinaona kuti ndi nzeru.

Amayi aakulu nthawi imeneyo kunalibe, anali atapita kutsidya kukadwazika mlamu wawo. Asanabwere panachitika choopsa. Tsiku lina masana tinapeza mwana akulira yekha m'nyumba, Esinati palibe. Tinakamupeza kumtsinje, atakhala pamwala wa padziwe lakuya, miyendo ili m'madzi. Atsibweni atamva anayenda wapansi mpaka ku Boma, n'kubwerako ndi kalata ya adokotala yoti atumizidwe kuchipatala cha odwala misala, kutali, ulendo woposa tsiku. Ndisawanamizire, sanachite mwankhanza. Ankaopa kudzamuvuula m'dziwe mwana wa mlongo wawo. Koma ife tinkadziwa anthu awiri a m'dera lino amene anapita kumeneko, ndipo sitinamvenso za iwo. Lute anayenera kuletsedwa kuyamwa n'kutsala ndi ine, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkachita mantha osaneneka.

Panali lole ya wamalonda wina yomwe inkabwera kumsewu kudzatenga tirigu ndi mbatata, ndipo atsibweni anagwirizana ndi woyendetsa wake. Amayi aakulu anafika nkhani itapsa kale. Anakangana ndi mlongo wawo pabwalo, kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mbuzi kubwerera, aliyense akukumbutsa mnzake zolakwa za ali ana. Pomaliza atsibweni anati lole ibwera Lachisanu la sabata yachiwiri. Esinati akadzakhala asanalankhule pofika tsiku limenelo, akwera, ndipo pasadzapezeke wogwira mwendo.

M'mawa mwake mtondo unagubuduzika. Wothandiza anasankha ine. Ndinabereka Lute kumbuyo, musi wachitatu tinautsamiritsa pakhomo, chitseko tinachitsegula pang'ono. Iwo du, ine du, chete. Tinasinja tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anaimba nyimbo zoseketsa, zodandaula, zaukwati, ngakhale imodzi ya m'buku anaithamangitsa kuti igwirizane ndi musi. M'nyumba munali zii. Chimanga cha Esinati chitatha tinayamba kusinjira anansi, moti sabata imeneyo akazi a kumtunda kwathu anapuma ngati ali pa tchuthi. Manja anga anatuluka matuza, matuzawo kuphulika. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri kuyamba, ndipo ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo: amayi aakulu akufwenkha fodya osalankhula.

Lolemba la sabata yomalizayo, tikupeta, anandifunsa kuti kodi mwanayu ankakonda kuimba chiyani mwamuna wake ali pano. Ndinawakumbutsa za nkhokwe, koma ndinafulumira kunena kuti imeneyo ayi, ndi yoseka malemu, komanso atsibweni analetsa dzinalo. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anafunsa kuti analetsa liti. Nditawauza kuti chibwerere kalata, anagwira pakamwa. Anati ndiye ife tonse ndife amisala, osati Esinati. Mtembo sanauone, manda sanawaone, sutikesi tabisa, dzina tabisa, nanga mwanayo alire chiyani, khoma?

Lachiwiri anaiyamba. "Nkhokwe ya aLufeyo," ndi mawu awo aja, dzina lonse poyera. Mpata wovomera unafika, chete. Koma ndikusuzumira pachitseko ndinaona msana wa Esinati utawongoka. Lachitatu tinaimbanso yomweyo tsiku lonse, ndipo ndinaona chala chake chakuphazi chikugunda pamphasa, pa mpata wake weniweni. Ndinawanong'oneza amayi aakulu. Anati chala sichikwanira, Wilisoni sanapangane ndi chala.

Lachinayi, lole ikubwera mawa lake, amayi athu anali atamanga kale kamtolo ka zovala za Esinati, akulira. Mbiri inali itawafika atsibweni yoti mlongo wawo akunyoza wakufa pakhomo pa namfedwa, ndipo anabwera dzuwa litakwera, atavala jekete lawo la Lamulungu, akazi angapo akuwatsatira chapatali kuti aone. Anaima pafupi ndi mtondo n'kulamula kuti zitheretu. Amayi aakulu sanawayang'ane n'komwe. Anandikodola kuti tiyambe, ndipo anaiyamba nyimbo ija, koma ataisintha:

Nkhokwe ya aLufeyo
inagwa kale, inagwa.
Inagundidwa ndi nkhuku,
inagwa kale, inagwa.
Mkamwini wosadziwa kumanga.

Ndinatsala pang'ono kuponya musi. Limeneli linali bodza loonekeratu, nkhokweyo inali chiimire pambali pa nyumba, masitepe khumi kuchokera pomwe tinali. Atsibweni anatsegula pakamwa kuti akalipe. Amayi aakulu anabwereza, mokweza, akuwonjezera kuti nkhukuyo inali yaing'ono, yodwala chitopa.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu mpaka kugunda khoma. Esinati anaima pakhomo, wowonda, tsitsi lili nyankhalala, maso akuphethira ndi dzuwa. Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu wodzuka kumene.

"Bodza. Sinagwe."

Tonse tinauma. Amayi aakulu okha ndi amene anapitiriza kusinja, ngati sanamve.

"Amayi, ndati sinagwe! Siyo apo? Mvula zitatu yapirira. Zowongoka zija za atsibweni zinagwa chaka chatha, ya aLufeyo ili chiimire!"

Zinali zoona, nkhokwe ziwiri za atsibweni zinagwadi ndi mphepo chaka chimenecho. Mkazi wina kumbuyo anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi nsalu. Amayi aakulu anaimika musi, kutembenuka, kuyang'ana nkhokwe ija nthawi yaitali ngati akuiona koyamba.

"Eti sinagwe. Ukalambatu uwu. Nanga nyimbo yake imayenda bwanji, iwe? Ine ndaiwala."

Anatenga musi wachitatu uja n'kumupatsa. Esinati anaulandira, ndikuganiza chifukwa cha mkwiyo chabe. Iwo du, ine du, ndipo kachitatu musi unatsika, wofooka, koma pa nthawi yake. Anayambitsa yekha. Ife tinavomera, akazi aja anavomera, amayi athu anavomera kamtolo kali m'manja. Anaimba za kusuzumira ku Luwani akumwetulira pang'ono. Atafika poti yasowa amake, ikufuna kwawo, mawu anaduka. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kulira kulira komwe tinakudikira miyezi iwiri, akuitana dzina la mwamuna wake. Ine ndinathamanga kuti ndimugwire, amayi aakulu anandibweza. Anati ndimusiye, ndipo tipitirize kusinja pang'onopang'ono, kuti alire ali ndi poponda.

Esinati atatopa anapukuta m'maso n'kundiuza kuti ndimupatse mwana wake. Atsibweni, amene nthawi yonseyi anali chiimire, anakhosomola, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati akudziwa kuti lero ndi lachingati ndiponso kuti iwo ndi ndani. Esinati anati tsikulo sakulidziwa, koma iwo ndi atsibweni ake, a nkhokwe zakugwa zija. Atsibweni anakonza jekete, nanena kuti pakamwa pamenepa ndi pa Esinati ndithu, ndipo akakauza wa lole kuti ulendo walephereka. Pochoka anauza mlongo wawo kuti Lamulungu akakhale kumbuyo, chifukwa chonama pamaso pa anthu. Amayi aakulu anati anali atapasowa kale.

Ndisakunamizeni kuti Esinati anachira tsiku lomwelo. Panali masiku ena, makamaka mvula ikamayandikira, pomwe ankabwereranso kukhoma kuja. Kumtsinje sitinkamulola kupita yekha pafupifupi chaka chonse. Koma amayi aakulu anamuika pa lamulo loti m'mawa uliwonse azikasinjira pabwalo pawo, kaya ali ndi chimanga kaya alibe, ndipo akachedwa ankamutumizira uthenga woti ayamba kuimba za nkhokwe yakugwa. Sutikesi tinaibweza, ndipo analira nayo tsiku lathunthu, kenaka anamuveka Lute tizovala tija, tomwe tinali titatsala pang'ono kumuthina. Lero Lute ndi namwali wa kusukulu. Esinati sanakwatiwenso, ati alibe nthawi yophunzitsa mwamuna wina kumanga.

Nthawi ina ndinawafunsa amayi aakulu ngati ankadziwa kuti bodza lija ligwira ntchito. Anati ayi, anali atathedwa nzeru. Anangoganiza kuti mkazi akhoza kupirira chisoni ali chete, koma sangapirire wina akunyoza mwamuna wake, poti imeneyo ndi ntchito ya mwini wake. Atatero anandikalipira kuti ndikupeta ngati ndikuingitsa ntchentche.

Sabata yathayi tinakalambula kumanda kwawo, ndipo pobwerera tinadzera pabwalo pawo, ine, Esinati ndi atsibweni, amene tsopano amayenda ndi ndodo. AJelemiya anatengedwa ndi abale awo maliro atatha, choncho pamalopo sipakhala munthu. Atsibweni anaima, atatsamira ndodo yawo. Kenaka, osatiyang'ana, anati ali ndi tchimo lomwe sanaululepo kwa munthu. Lole ija, anatero, siinayenera kubwera sabata yachiwiri. Woyendetsa anatumiza mawu kuti wasintha, abwera Lachisanu la sabata yoyamba, ndipo anabweradi. Atsibweni anatsikira kumsewu okha, n'kumuuza kuti wodwalayo watsegula m'mimba, sangayende, adzamutenge ulendo wina.

"Ndinanama, ine mkulu wa mpingo. Dzulo lake ndinadutsa pafupi mukusinja, nyimbo ija yopanda wovomera. Ndinakafika kumunda ndikuivomera ndekha, tsiku lonse, khasu lili m'manja. Ndiye ndinati ngati ikundikoka ine wouma mutu, mwanayu imukoka. Koma achemwali anga sindinawauze. Akanandipekera nyimbo."

Esinati anawayang'ana, pakamwa pali yasa. Anawerenga masiku ndi zala, n'kuona kuti Lachisanu loyambalo anali adakali kukhoma, chala chomwe chisanagwedezeke. Anagwada n'kuwagwira dzanja atsibweni ndi manja awiri, ndipo nkhalambayo inayang'ana kumapiri ikuphethiraphethira, n'kudandaula kuti kunja kuno kwachuluka fumbi.

Nyumba ya amayi aakulu denga linaloweka ndi mvula ya chaka chino, ndipo mpanda wonse chiswe chinadya. Udzu wamera paliponse, mpaka pakhonde pomwe ankakhala, maungu a eni ake osadziwika ayanga pakhoma. Koma pakati pa bwalo pali malo ozungulira, aakulu ngati mphasa ziwiri, pomwe sipanamere kanthu. Nthaka yake inalimba ndi mapazi a akazi mpaka khasu limadumpha. Chapakati pali dzenje losaya la pomwe pankakhala mtondo, ndipo pambali pake tizenje tiwiri tating'ono, toyandikana, pomwe ankaponda iwo. Esinati anavula nsapato n'kuikamo mapazi ake, ndipo anapeza kuti ake ndi aakulu, zidendene zinatsalira kunja. Anaimabe pomwepo, ife tikumudikira kunjira.